Msilikali Amati Shekem, Usama Amati Nablus

Ndinatha masiku atatu ndili pa liwu limodzi. Kwa womasulira mabuku zimenezi si zachilendo, koma liwu lake silinali lozama ayi, linali dzina la mzinda basi. M'masamba oyambirira a buku la Sahar Khalifeh, lomwe m'Chingerezi amalitcha Wild Thorns, mnyamata wina dzina lake Usama akubwerera kwawo atatha zaka zisanu ali pantchito kumayiko a mafuta. Wafika pa mlatho wa pamtsinje wa Jordan, pomwe aliyense wolowa m'dera la West Bank amayamba wafunsidwa ndi asilikali a Israel. Msilikali akufuna kudziwa chimene mayi ake a Usama anasamukira ku Shekem. Usama akuyankha, koma akutchula Nablus. Msilikali akufunsanso, akuti Shekem. Usama akuyankhanso, akuti Nablus. Palibe wakweza mawu, palibenso wadzudzula mnzake. Mzinda ndi umodzi womwewo, kungoti wina ali ndi mfuti ndi chidindo, winayo ali ndi sutikesi yomwe angomaliza kuipanga chipikisheni.

Vuto langa linali loti m'Chichewa mzindawu uli nalo kale dzina. Ndi Sekemu wa m'Buku Lopatulika, kumene Abrahamu anamanga guwa atangolowa m'dziko la Kanani, kumenenso anakaika mafupa a Yosefe. Mayi anga amaudziwa Sekemu kuposa mmene amadziwira Mzuzu, komwe sanafikeko. Ndikanalemba kuti Sekemu m'kamwa mwa msilikali uja, wowerenga wa kwathu akanamva ngati msilikaliyo ndi amene akutchula dzina lenileni, ndipo Usama akungochita makani ndi dzina lachilendo lovuta pa lilime. Ndinazindikira kuti chilankhulo changa chinali chitasankha kale mbali ine ndisanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe, ndipo chinasankha osati mwa njiru, koma chifukwa kwa zaka zoposa zana takhala tikuliwerenga dzikolo m'buku limodzi lokha.

Palibe anandituma kuti ndimasulire bukuli. Ndinaligula m'sitolo ya mabuku akale ku Johannesburg pomwe ndinkachita maphunziro a digiri yachiwiri, ndipo ndinayamba kulimasulira patapita zaka, madzulo ndikaweruka pa ntchito zomwe zimandidyetsa: malipoti a mabungwe, timapepala ta zaumoyo, mafomu a kafukufuku. Ndimadalira Chingerezi cha Trevor LeGassick ndi Elizabeth Fernea cha 1985, ndipo pakavuta ndimafunsa mnzanga wina wodziwa Chiarabu. Khalifeh anabadwira ku Nablus komweko mu 1941, ndipo bukuli linatuluka mu 1976, patangotha zaka zisanu ndi zinayi chilandireni Israel dera la West Bank, Gaza ndi kum'mawa kwa Jerusalem pa nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi ya mu June 1967. Dzina loti Nablus nalo si la dzulo. Linachokera ku Neapolis, kutanthauza mzinda watsopano, womwe Aroma anamanga m'chaka cha 72 pakati pa mapiri a Gerizim ndi Ebal. Ndi mzinda wotchuka ndi sopo wa mafuta a azitona ndi chakudya chotsekemera cha tchizi chotchedwa kunafa. Chitsime cha Yakobo chija timachimva m'maulaliki chilipobe, chili pansi pa tchalitchi cha Agiriki chakumapeto kwa mzindawu. Kungowoloka msewu kuchokera pamenepo pali Balata, msasa wa anthu othawa kwawo womwe unakhazikitsidwa mu 1950. Za chitsimecho ndinazimva ndisanayambe sukulu. Za msasawo ndinazimva ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Nditalumpha kaye dzinalo ndinakumana ndi mawu ena. Malo omwe asilikali amaimitsirapo anthu tiwatcha chiyani? Kwathu timati rodibuloko, koma liwu limeneli limanunkha chimanga chootcha. Pa rodibuloko minibasi imaima, wapolisi amasuzumira, kondakitala amatsika kukalankhula naye chapambali, ife tikugula nthochi pa windo. Munthu amatha kung'ung'udza kuti achedwa, koma saopa kuti lero sakafika kuchipatala, kapena kuti abwezedwa osauzidwa chifukwa. Nanga mkhalidwe wonsewo, womwe m'Chiarabu amati ihtilal? Ndinayesa kulemba kuti utsamunda, koma kwa ife atsamunda ndi anthu omwe anapakira n'kumapita. Ndinayesa kuti nkhondo, koma m'masamba ambiri a bukuli mulibe kuwomberana. Muli anthu akupita kuntchito, akutsutsana mtengo wa zinthu, akumwa khofi. Ndinatsala ndi mawu ataliatali oti ulamuliro wa asilikali a dziko lina, omwe ndi oona koma ndi ouma ngati chikalata cha kuboma.

Liwu limodzi lokha ndi lomwe linabwera lokha osaitanidwa: chitupa. Agogo anga aamuna anapita ku Joni kudzera ku Wenela m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankasunga mapepala awo a kumigodi m'kachitini, pamodzi ndi makadi a msonkho. Akamanena kuti chitupa sankatanthauza pepala chabe. Ankatanthauza chinthu chomwe chimakuuza kumene ungagone, msewu umene ungadutse ndi ola limene uyenera kukhala utachoka m'tauni ya azungu. Nditafika pa anthu a Khalifeh omwe amadzuka usiku kukakwera mabasi opita kumafakitale a ku Israel, ena ali ndi chilolezo cha ntchito ena alibe, dzanja langa linalemba lokha kuti chitupa.

Mwa anthu okwera mabasiwo muli Adil, msuweni wake wa Usama, ndipo kwa ine bukuli ndi lake. Banja la Adil linali lolemera, la minda ndi nyumba yaikulu yamakedzana. Koma antchito a kumundako anachoka onse kukagwira ntchito ku Israel komwe malipiro anali okwera, munda unasanduka tchire, ndipo bambo ake akudwala impso, moyo wawo ukudalira makina otsuka magazi omwe amadya ndalama tsiku ndi tsiku. Ndiye Adil naye amakwera basi, mobisa, kunyumba akuganiza kuti akuyang'anira munda. Bambo akewo amakhala pabalaza kulandira atolankhani akunja n'kumawafotokozera za kuipa kwa Israel, osadziwa kuti makina omwe akuwasunga akulipiridwa ndi thukuta la mwana wawo m'fakitale ya ku Tel Aviv. Usama wabwera ndi ntchito yomwe gulu lake lamutuma: kuphulitsa mabasi a antchitowo, kuti anthu aleke kutumikira mdani. Akudziwa kuti m'basi imodzi mungathe kukhala Adil.

Pali kachigawo kena kakafupi komwe ndinakamasulira kasanu. Usama akuona munthu akugulitsa buledi mumsewu wa ku Nablus, ndipo pa bulediyo pali chidindo cha zilembo za Chiheberi. Wachokera "m'kati", monga mmene anthu a m'bukuli amatchulira Israel. Usama akukalipa kuti ndi chamanyazi. Wogulitsayo sakuchita naye mantha, akumubwezera mawu omwe mfundo yake ndi yoti olemera ndi ophunzira anathawira kunja kukadya bwino, lero abwera kudzaphunzitsa amphawi ulemu, pomwe bulediyu ndi wotchipa ndipo ana ali ndi njala. Nditawerenga koyamba ku Johannesburg ndinali kumbali ya Usama. Ndinali wophunzira, ndinkapita kumisonkhano, ndinkadziwa mayina a zinthu zonse zoipa. Adil ndinkamuona ngati munthu wofooka amene amamwa mowa kuti asaganize. Ndikuwerenganso pano, ndili ndi lendi yolipira ndi ana a malemu achemwali anga pasukulu, ndimaona kuti Khalifeh sanamupatse Usama yankho lomveka kwa wogulitsa buledi uja, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita dala.

Sikuti wolembayu akunena kuti kugonja n'kwabwino. Amaonetsa bwino lomwe mtengo wake. Mnzake wa Adil, Abu Sabir, makina a kufakitale amudula zala, ndipo popeza ankagwira ntchito wopanda chitupa, alibe inshulansi. Anzake amamunyamula ulendo wonse kubwerera naye ku Nablus magazi akuchucha. Ali m'galimotomo amapempha kuti wina amusimbire nthano ya ngwazi zakale za Aarabu kuti aiwale ululu, koma Adil alibe nthano yoti asimbe, m'mutu mwake mwadzaza masamu a pakamwa poti adyetse. Chomwe Khalifeh amakana ndi bodza loti pali njira yoyera yoti munthu n'kudutsamo osadetsedwa. Usama atabaya mkulu wa asilikali pamsika, pamaso pa mkazi wake ndi kamwana kake kakakazi, amene amaweramira kamwanako kuti akathandize ndi Adil. Kumapeto asilikali akabwera kudzaphulitsa nyumba ya banjalo monga chilango, amapereka nthawi yochepa yotulutsira katundu, ndipo Adil yemweyo, munthu wachifundo uja, amawasiya makina a impso m'nyumbamo. Ndinatseka buku pamenepo n'kutuluka panja.

Agogo anga sanadzione ngati munthu amene ankalimbitsa tsankho la ku South Africa. Ankati anapita kukagula malata, ndipo anagulamo ndithu, kuphatikizapo njinga, makina osokera ndi chifuwa chomwe sichinathe. Koma golide amene ankakumba ndi amene ankalipira apolisi ofunsa zitupa. Boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankholo mu 1967, ndipo mu 1971 iye mwini anakacheza kumeneko, pomwe mayiko ena a mu Africa ankalisala. Anzanga a ku Johannesburg ankakonda kundikumbutsa zimenezi tikamacheza, moseka koma osati moseka kwenikweni. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa makumi asanu ndi awiri. Ndinkaganiza kuti pamenepa ndi pomwe mbiri ya banja lathu ikukumana ndi bukuli, kuti Adil ndi agogo anga atavala zovala zina. Kufananako kulipo, koma kuli ndi malire: agogo ankabwerera kumudzi komwe munda wawo unali kuwadikira, palibe ankaulanda. Adil amamanga chuma cha anthu omwe madzulo amamuuza kuti asatuluke m'nyumba.

Kenako kunabwera November 2023. Mwezi umenewo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu inalumpha usiku umodzi, ndipo kunamveka kuti ku Israel kukufunika achinyamata okagwira ntchito m'minda. Chifukwa chake sichinali chobisika. Pa 7 October gulu la Hamas linapha anthu pafupifupi 1,200 kum'mwera kwa Israel n'kugwira ena ambiri. Mwa ophedwawo munali antchito a m'minda a ku Thailand ndi ophunzira zaulimi awiri a ku Tanzania. Antchito akunja ambiri anabwerera kwawo. Boma la Israel linaimitsanso zitupa za anthu a ku West Bank oposa 100,000 omwe ankawoloka tsiku ndi tsiku kukamanga nyumba ndi kulima, ndipo mabomba anayamba kugwa pa Gaza. Minda inasowa manja. Chakumapeto kwa mwezi womwewo ndege yoyamba inanyamuka ku Lilongwe ndi achinyamata 221. Mwana wa amalume anga, amene anamaliza Folomu 4 n'kukhala zaka zinayi akuyendetsa kabaza, anapita pa ulendo wina wotsatira.

Ndinayesa kumuletsa, ndipo ndinayesa molakwika. Ndinamuimbira foni n'kuyamba kumufotokozera mbiri kuyambira 1948.

"Asuweni," anandidula, "mabuku anuwo amagula feteleza?"

"Iwe, ndikukuuza kuti ntchito ukupitirayo ili ndi mwini wake. Pali munthu amene wauzidwa kuti akhale pakhomo kuti iwe ulowe."

"Ndiye ine ndamuchotsa? Ndikakana abwezeretsedwa? Inu muli ndi digiri ziwiri, mumalandira madola a mabungwe. Ine njinga ndi ya eni, ndimapereka ndalama madzulo alionse ngakhale kugwe mvula."

Tinaseka pambuyo pake, poti chisuweni chimalola kulankhulana motero, koma nditatsitsa foni ndinadziwa yemwe ndinali m'nkhaniyo. Ndinali Usama pamaso pa wogulitsa buledi, nditavala malaya osita. Amalume iwo anali ndi chimwemwe china. "Mwana wanga akupita kudziko loyera," anauza anthu kutchalitchi, ndipo mpingo unamupempherera. Kwa iwo mnyamatayo amapita kwa Abrahamu ndi Davide. Sindinapeze mawu owauzira kuti m'dziko lomwelo muli Akhristu a ku Bethlehem omwe amafunika chilolezo cha asilikali kuti akapemphere ku Jerusalem, mtunda wosakwana makilomita khumi.

Chomwe chinandisowetsa tulo n'choti msuweni wanga si Adil. Ndi munthu amene wakhala pampando wa Adil m'basi. Khalifeh analemba za nthawi yomwe Israel inkafuna manja a anthu a ku Palestine, ndipo funso linali loti kodi n'koyenera kuwapereka. Zaka makumi asanu pambuyo pake funso latembenuka: manja aja angathe kukanidwa tsiku lililonse, n'kuitanitsa ena ku Thailand, ku India, ku Sri Lanka, ku Malawi. Zidzukulu za Adil zisanatsekeredwe zinkadzuka cha m'ma 3 koloko usiku kukaima m'makola a zitsulo pa zipata monga cha ku Bethlehem ndi cha ku Qalqilya, ambiri atagula chitupa kwa madobadoba omwe amadula gawo la malipiro mwezi ndi mwezi. Moyo umenewo unali wonyazitsa, koma unkabweretsa chakudya. Utatsekedwa sikunabwere ulemu umene Usama ankaufuna, kunabwera njala.

Masiku amenewo ndinasiya kumasulira n'kubwerera ku buku lina laling'ono, la Adania Shibli, lotchedwa Minor Detail, lomwe linatuluka m'Chiarabu mu 2017 ndipo Elisabeth Jaquette analimasulira m'Chingerezi mu 2020. Linali pakamwa pa anthu chifukwa mu October 2023 mwambo wopatsa Shibli mphoto pa chionetsero cha mabuku cha ku Frankfurt unaimitsidwa. Gawo loyamba likusimba zomwe zinachitikadi mu August 1949, pomwe asilikali a Israel anagwira mtsikana wa mtundu wa Bedouin m'chipululu cha Negev, n'kumugwiririra, n'kumupha. Koma gawo lomwe ndimabwererako ndi lachiwiri. Mayi wina wa ku Ramallah wa masiku ano wawerenga za nkhaniyo m'nyuzipepala, ndipo chamukoka ndi kanthu kakang'ono: mtsikanayo anaphedwa tsiku lomwe iye anabadwa, zaka makumi awiri ndi zisanu m'mbuyo mwake. Akufuna kukaona malowo. Kuti ayende ulendo wa maola ochepa ayenera kubwereka chitupa cha mnzake wa kuntchito wa ku Jerusalem, ndi kupeza galimoto ya nambala yachikasu kudzera mwa mnzake wina.

Apa mpomwe ndinamvetsa chimene nthano yopeka imachita chomwe lipoti silingathe, ndipo ndikunena monga munthu amene amadyera kumasulira malipoti. Lipoti lidzakuuzani kuti mgwirizano wa Oslo wa 1995 unagawa West Bank m'zigawo zitatu, A, B ndi C, ndipo chigawo C, chomwe ndi pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a deralo, chili m'manja mwa Israel kotheratu. Lidzakuuzani kuti chitupa cha munthu wa ku West Bank n'chobiriwira, cha wa ku Jerusalem n'chabuluu. Kuti chikhoma chinayamba kumangidwa mu 2002. Kuti khoti la mayiko onse la ku The Hague linanena mu 2004 kuti chikhomacho n'chosemphana ndi malamulo, ndipo mu July 2024 linanenanso chimodzimodzi za ulamuliro wonsewo. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika. Koma Shibli amakuikani m'thupi la munthu amene thukuta likumutsika pamzere wa magalimoto pa Qalandiya, akuloweza dzina la mwini chitupa, kamtsikana kakumukakamiza kugula chingamu pa windo. Pampando wapambali waika mapu angapo omwe sakugwirizana: ena a Israel a lero, ena a Palestine ya chaka cha 1948 chisanafike, odzaza ndi mayina a midzi yomwe pa windo sikuoneka. Asilikali ataphulitsa nyumba pafupi ndi ofesi yake, chomwe chimamuvuta kwambiri ndi fumbi lomwe lagwera pa mapepala ake. Iye mwini akudziwa kuti zimenezi zikumveka ngati kuuma mtima. Ine sindikuganiza choncho. Aliyense amene anakhalapo pamaliro a munthu wake amadziwa mmene maganizo amathawira ku zinthu zazing'ono, monga kuwerenga mbale zobwereka.

Ndinkadabwa kuti mabuku amenewa amaseketsa. Emile Habiby, m'buku lake la 1974 lonena za Saeed, anapanga liwu latsopano polumikiza liwu la munthu woyembekezera zabwino ndi la munthu woyembekezera zoipa. Saeed ndi munthu amene tsoka likamugwera amathokoza kuti silinakule kuposa apo. Pa nkhondo ya 1967 amamva wailesi ikulamula Aarabu ogonja kuti akweze mbendera zoyera, ndipo pofuna kuonetsa kukhulupirika amakweza nsalu yoyera pa denga la nyumba yake ku Haifa, mzinda womwe uli m'kati mwa Israel kuyambira 1948. Amamangidwa, poti mbenderayo ikusonyeza ngati Haifa nawo ndi mzinda wolandidwa. Munthu amene anakula akumva nkhani za makadi a chipani, momwe ngakhale mayi woyembekezera ankatha kugulitsidwa khadi la mwana wa m'mimba, nthabwala yotereyi safuna kuti wina amumasulire.

Dzina la buku la Khalifeh nalo linandivuta. M'Chiarabu ndi al-Subbar, chomera chaminga cha masamba onenepa chomwe chimabala zipatso zotsekemera, ndipo liwuli limachokera ku tsinde limodzi ndi sabr, kupirira. Alimi a ku Palestine ankachibzala ngati mpanda, ndipo m'malo ambiri momwe munali midzi yomwe inagwetsedwa mu 1948, mipandayo imamerabe, kuonetsa pomwe panali makomo a anthu. Omasulira m'Chingerezi anatenga minga n'kusiya kupirira. Ine ndakhala ndikuganiza zolitcha Nkhadze. Nkhadze ilibe minga ndipo zipatso zake sitidya, koma ndi imene timabzala m'malire ndi kumanda, ndipo ukamayenda m'tchire n'kuona mzere wa nkhadze umadziwa kuti apa ndi pabwinja, panali mudzi. Utomoni wake ukalowa m'maso umaotcha. Mnzanga wa Chiarabu uja akuti ndikupita patali kwambiri ndi mawu a mwini buku, ndipo mwina akunena zoona. Pachikuto cha kope langa ndalemba ndi pensulo.

Za Shekem ndinagamula motere: ndinalisiya mmene lilili, Shekem, kuti m'khutu la Mchewa mayina onse awiri amveke achilendo ndipo mkanganowo uyambire pamtunda wofanana. Nditapita kumudzi pa Khrisimasi ndinawawerengera mayi anga chigawocho pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti Shekem ndiye kuti. Ndinawauza kuti ndi Sekemu. Anakhala chete kanthawi akusankha nyemba m'lichero.

"Ndiye kuti kumakhala anthu mpaka lero?"

"Eya, amayi. Ambiri, ndi mzinda waukulu."

"Ine ndinkayesa ndi malo a m'Baibulo."

Sananene kuti msilikali walakwa, sananenenso kuti Usama walakwa. Anangofunsa ngati mayi ake a mnyamatayo anali kumudikira ndi chakudya, poti wayenda ulendo wautali. Ndinawauza kuti inde.

Msuweni wanga amatumiza ndalama mwezi uliwonse. Nyumba ya amalume ili ndi malata atsopano, ndipo chaka chatha anathira feteleza kawiri. Amaimba Lachisanu madzulo ntchito ikaima chifukwa cha Sabata. Amandionetsa mizere ya mitengo ya mapeyala ndi mapaipi ang'onoang'ono othirira madzi dontho ndi dontho, zomwe zimamusangalatsa kwambiri, ndipo akuti akadzabwera adzayesa kudimba. Amandiuza za kulira kwa masayirini ndi kachipinda ka simenti kothawiramo. Mwini munda akuti ndi munthu wabwino, amawabweretsera nkhuku pa zikondwerero, ndipo ndilibe chifukwa chokayikira. Tsiku lina ananena kuti m'shedi momwe amasungiramo zida muli mayina olembedwa pakhoma ndi zilembo zokhotakhota zija, pamwamba pa misomali yopachikapo majekete. Anati jekete lake amapachika pa msomali wachitatu.

Sindinamulalikirenso. Ndinangoyamba kumutumizira pa WhatsApp mitu yomwe ndamaliza, umodziumodzi, ndi kumuuza kuti andithandize kuona ngati Chichewa chake chikumveka. Kwa milungu ingapo sananene kanthu, ndinangoona kuti watsegula. Kenako anandilembera kuti liwu loti "wogwira ntchito wamba" palibe amalankhula choncho, ndilembe kuti waganyu. Ndinasintha. Anatinso Usama amalankhula ngati ine, ndipo anaika kankhope koseka.

Sabata yatha anaimba mochedwa, kwawoko kuli usiku. Anali atawerenga mutu wa Abu Sabir.

"Asuweni, bambo a zala aja anadzawalipira?"

"Dikira, sindinafike pamenepo pomasulira."

"Inu munawerenga kale buku lonse. Ingondiuzani."

"Ukufunsiranji?"

Anati palibe, kungoti sabata ino amusamutsira ku makina ogaya nthambi zomwe amadulira m'mitengo, ndipo makinawo amakoka mwamphamvu. Ndinamufunsa ngati pa pepala lomwe anasainira pali za inshulansi. Anati pepalalo lili m'chikwama pansi pa bedi, mnzake wagona kale, ayang'ana mawa kukacha.